Lipoti la nkhani: mayi amene analonjezedwa ntchito ku Dubai koma anakatsikira ku Muscat

Lipotili ndalembera anzanga osamalira anthu m'maboma, a makomiti oteteza amayi ndi ana m'madera, ndiponso atsogoleri a mipingo ndi mizikiti amene amatiitana kukalankhula za mchitidwe wozembetsa anthu. Ndimagwira ntchito m'bungwe laling'ono mumzinda wa Lilongwe, ndipo mbali yanga ndi yolandira anthu amene achitiridwa nkhanza. Mwini nkhaniyi analola kuti ilembedwe pokhapokha dzina lake, dera lake ndi mpingo wake zisatchulidwe, choncho ndizingoti mayiyu.

Mmene anachokera kuno

Mayiyu ali ndi ana awiri ndipo akuwalera yekha. Ankagulitsa kaunjika pamsika wa m'dera lawo. Ankasonkherana ndi anzake kuoda belo, n'kugawana, aliyense n'kukayala pake. Mu Meyi 2022 kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, belo inakwera mtengo moti mpamba wake sunkakwananso ngakhale pa gawo lake lomwe. Lendi inayamba kudumpha miyezi. Mwana wamkulu anali atasankhidwa kupita ku sekondale, fizi ikufunika.

Amene anamuuza za ntchito yakunja sanali mlendo. Anali mayi wa m'gulu lawo la banki m'khonde, munthu amene ankakhala naye pamphasa imodzi powerengera masheya, amenenso anagona pa maliro a bambo ake a mayiyu. Anamukokera pambali atamaliza msonkhano n'kumuuza kuti: "Asisi, muzivutika chonchi mpaka liti? Ku Dubai kuli ntchito yokonza m'zipinda za hotela. Tikiti ndi viza alipira okha, inu mungopeza pasipoti ndi kandalama ka mafomu basi." Kenako anamupatsa nambala ya ejenti.

Ejentiyo anali bambo wovala bwino, wolankhula mofatsa, ndipo ankakumana naye pamalo odyera m'tauni. Ofesi yake mayiyu sanaionepo. Kandalama ka mafomu kaja kanabala ana: ya pasipoti yachangu, ya kuchipatala kokayezetsa magazi ndi mimba, ya zithunzi, ya "kuthamangitsira fayilo". Zonse ankatumiza pa foni. Anakongola ku banki m'khonde mpaka pa malire ake, zitaperewera anakatenga katapila, kenako anagulitsa filiji yomwe ankaikamo mafilizesi. Atafunsa za kontirakiti anauzidwa kuti akasaina komweko.

Tikiti inabwera pa WhatsApp usiku woti mawa lake anyamuka. Pepala lake anandionetsa pambuyo pake, lopindidwa kanayi, losungidwa m'kati mwa buku lake la kuchipatala. Panalembedwa Lilongwe, Addis Ababa, Muscat. Dzina la Dubai panalibe paliponse. Iye anaona ndithu ndipo anafunsa. Yankho linali lakuti Muscat ndi pongodutsira, galimoto ikamutenga pomwepo. Sankadziwa kuti Muscat ndi likulu la dziko lina, Oman, komanso kuti kuchoka kumeneko kukafika ku Dubai ndi ulendo wa makilomita oposa 400 wodutsa pa chipata cha dziko. Koma ndikhulupirira kuti ngakhale akanakayika kwambiri, usiku umenewo sakanabwerera m'mbuyo. Ngongole inali kale pakhosi, filiji itapita, abale atatsanzikidwa, abusa atamupempherera. Msampha unali utafwamphuka iye asanafike n'komwe pa bwalo la ndege la Kamuzu.

Ku Oman

Atangotsika, bambo amene anamuchingamira anamulanda pasipoti ati akalembetse. Sanaionenso mpaka tsiku lobwerera. Anamutengera kumalo amene amayi a kumeneko amangoti ku ofesi, chipinda chomwe munali amayi ena a ku Uganda, Sierra Leone ndi maiko ena, onse akudikira kuti wina adzawasankhe. Kumeneko ndiko anamva koyamba kuti hotela kulibe, ntchito ndi ya m'nyumba.

Banja lomwe linamutenga linali lalikulu. Ankadzuka kusanache, kugona pakati pa usiku, tsiku lopuma analibe. Kumapeto kwa sabata ankamubwereketsa kwa achibale a banjalo kuti akakolope kumenekonso. Ankagona m'kachipinda kosungiramo katundu kopanda loko, ndipo mnyamata wamkulu wa pakhomopo ankalowamo usiku. Pa mbali imeneyi sindilemba zambiri, chifukwa mwini wake anaikapo malire. Malipiro anabwera miyezi yoyamba yokha, ochepa kuposa amene analonjezedwa, kenako analekeka. Mankhwala otsukira m'zimbudzi anamuwotcha manja mpaka khungu la m'zala linasupuka, ndipo atapempha kupita kuchipatala anangopatsidwa panado. Tsiku lomwe analimba mtima kunena kuti akufuna kwawo, madamu a pakhomopo anamuyankha kuti iwo analipira ndalama zambiri ku ofesi, ayambe wabweza zimenezo.

Apa pakufunika kumvetsa mmene zinthu zimayendera kumeneko, chifukwa abale ambiri amafunsa kuti bwanji osangothawa. M'maiko a Aluya a ku Gulf, monga Oman, muli dongosolo lotchedwa kafala. Chilolezo chokhalira m'dziko chimamangiriridwa kwa bwana amene wakulemba ntchito. Ukachoka pakhomo pake iye osalola, amakakunenera kuti wathawa, ndipo amene amasakidwa ndi kutsekeredwa ndi iweyo. Panthawiyo ogwira ntchito za m'nyumba sankatetezedwa ndi lamulo lalikulu la ntchito la dziko la Oman. N'zoona kuti dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu mu 2008, ndipo kulanda wantchito pasipoti n'koletsedwa. Koma lamulo lingamufikire bwanji munthu amene ali mumpanda wokhoma, sadziwa Chiarabu, sadziwa ngakhale dzina la msewu umene akukhala? Ku Muscat kulibenso ofesi ya kazembe wa Malawi yoti munthu angathawireko.

Mayiyu sanali yekha m'mavuto amenewa. M'zaka zomwezo amayi ambiri a ku Malawi anagwidwa mofananamo. Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, ataona dandaulo la mayi wina pa Facebook anatsegula gulu la WhatsApp lomwe linasonkhanitsa amayi oposa 50 omwe anali m'nyumba zosiyanasiyana ku Oman. Bungwe la Do Bold linathandiza pokambirana ndi mabwana awo. BBC italengeza nkhaniyi mu Malichi 2024, boma la Malawi linati linagwiritsa ntchito ndalama zoposa madola 160,000 kubweretsa amayi 54. Mtsikana wina wa zaka 23 anabwera m'bokosi.

Wathuyu anabwera mwa njira ina. Ankabisa foni, n'kumatumiza mauthenga a mawu kwa mng'ono wake akapeza intaneti ya pakhomopo. Mng'ono wakeyo anapita nawo kwa amalume awo kumudzi kuti awamvetsere, ndipo amalumewo anagulitsa dimba la banja kuti alipire ku ofesi ndi kugula tikiti yobwerera.

Pamene anafika kwa ife

Sanabwere kudzadandaula za kuzembetsedwa. Namwino wina wa pachipatala chaching'ono ndiye anamutumiza kwa ife, ataona kuti akubwerabwera ndi vuto la kusowa tulo ndi zilonda za m'manja, ndipo akafunsidwa amangogwetsa misozi. Iye mwini chimene ankafuna n'chakuti timuthandize pa nkhani ya mwini katapila amene ankamuopseza kuti adzanyamula katundu wa m'nyumba. Nditamvetsera nkhani yonse n'kumuuza kuti zimene zinamuchitikira ndi mlandu waukulu pa malamulo a dziko lino, anapukusa mutu. "Ayi mayi, ine sanandibe. Ndinapita ndekha, pasipoti ndinakatenga ndekha. Ndi kupusa kwanga."

Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo ndi amene amateteza ozembetsa kuposa china chilichonse. Anthu akamva za kuzembetsa amaganiza za anthu opanikizidwa m'malole, monga matupi pafupifupi 30 a anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia aja amene anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022. Munthu amene anakwera ndege atavala chitenje chatsopano, abale akumubayibitsa, sadziona kuti ali m'gulu limenelo.

Ndinamufotokozera pang'onopang'ono zimene lamulo la mu 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limayang'ana. Limafunsa ngati wina anamukopa, kumunyamula kapena kumulandira. Ngati anachita zimenezo mwachinyengo, moopseza kapena potengerapo mwayi pa umphawi wake. Ndiponso ngati cholinga chinali kukamudyera masuku pamutu. Pamene pali chinyengo, kuvomera kwa munthuyo sikuwerengedwa. Iye anavomera hotela ya ku Dubai, sanavomere kutsekeredwa m'nyumba ku Oman. Wopezeka wolakwa atha kukhala kundende zaka 14, kapena 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana, ndipo pakakhala zowonjezera zoopsa chilango chimafika moyo wonse. Lamulo lomwelo limati munthu amene watsimikizidwa kuti anazembetsedwa asazengedwe mlandu pa zinthu zobwera chifukwa cha kuzembetsedwako. Mfundo iyi inamumasula, chifukwa ejenti anamuphunzitsa zoti akanene pa bwalo la ndege akafunsidwa, ndipo ankaopa kuti akapita kupolisi womangidwa akhala iyeyo.

Tinayamba ndi thupi. Tinamuperekeza ku One Stop Centre, malo a pachipatala othandizira ochitiridwa nkhanza, komwe anamuyeza zonse zofunika ndi kumulumikiza ndi mlangizi. Za kupolisi tinadikira mpaka iye mwini atanena kuti wakonzeka.

Umboni unali wovuta. Atangofika kuno anafufuta zonse za m'foni mwake chifukwa cha manyazi. Mwamwayi mng'ono wake sanafufute kalikonse: mauthenga a mawu onse analipo, ndi masiku ake, kuphatikizapo chithunzi cha manja ake ali osupuka. Mauthenga otsimikiza kutumiza ndalama pa foni anapezeka pa kafoni kakale komwe anasiyira ana, akuonetsa nambala ndi dzina la amene ankalandira. Tinasindikiza zonse, n'kuika pamodzi ndi tikiti ija, ndipo anakapereka sitetimenti ku nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ine ndili pambali pake.

Pamene panavuta kwenikweni ndi pa dzina la mayi wa ku banki m'khonde uja. Za ejenti ananena zonse mosabisa, koma atafunsidwa kuti anamudziwa bwanji, anakhala chete. Tili panja anandiuza kuti: "Mayi, amene uja timapemphera limodzi. Ana athu amasewera limodzi. Ndikamutchula, gulu lonse lindida, pomwe ndili nalo ngongole. Mwinanso iye sankadziwa." N'zotheka ndithu kuti sankadziwa zonse. Ambiri mwa okopa anzawo m'madera amapatsidwa kangachepe pa munthu aliyense amene abweretsa, ndipo safunsa zambiri chifukwa safuna kudziwa. Koma iye ndiye ulalo wokhawo wofikira kwa ejenti, amene nambala zake zinali zitazima kale. Sindinamukakamize. Kukakamiza munthu amene wangochoka kumene m'manja mwa omukakamiza n'kumubwezera komwe wachoka. Ndinangomufunsa ngati akudziwa wina amene mayi uja akumuuza za ntchito yakunja pakali pano. Sanayankhe tsiku limenelo. Patapita nthawi anabwera yekha n'kunena kuti wamva kuti mtsikana wina wa kwaya akukonza pasipoti, ndipo anapempha kuti tibwererenso kupolisi akawonjezere sitetimenti.

Ngongole ndi abale

Mbali iyi ndi imene malipoti ambiri amaidumpha, ngati kuti nkhani imatha munthu akatsika ndege. Kwa mayiyu mavuto ena anayambira pomwepo. Anabwera chimanjamanja, ndi kachikwama kamodzi. Ngongole ya ku banki m'khonde inali itachulukana ndi chiwongoladzanja, ya katapila osanena. Kumudzi amalume anali opanda dimba, azibale ena akung'ung'udza kuti chuma cha banja chathera munthu mmodzi. M'dera anthu ankanong'onezana kuti anakachita zachiwerewere ndiye wathamangitsidwa. Mwana wake wamkulu, amene anasiya sukulu teremu imodzi chifukwa cha fizi, sankamulankhula bwino. Kutchalitchi anasiya kupita.

Tsiku lina anandiuza mopepuka, ngati nkhani wamba, kuti pali wina amene akuti angamupezere ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, ulendo wa pabasi, ndalama ya thiransipoti adzabweza akayamba kulandira. Mtima wanga unagunda. Munthu amene ali pa chiopsezo chachikulu chozembetsedwa ndi amene anazembetsedwapo kale, chifukwa chimene chinamuchotsa pakhomo poyamba chimakhala chitakula kawiri, ndipo tsopano pawonjezeka manyazi oti athawe. Kumulangiza pakamwa pokha sikukanathandiza. Chofunika chinali kuchepetsa ngongole.

Iye atalola, tinakumana ndi komiti ya banki m'khonde, pamodzi ndi mfumu ya m'deralo. Sitinaulule za nkhanza zimene anakumana nazo; tinangofotokoza kuti anapusitsidwa ndipo nkhani ili kupolisi. Kukambirana kunali kotentha, chifukwa ndalama za gulu ndi za amayi osauka anzake, ndipo nawonso anali ndi chifukwa chodandaulira. Mapeto ake anagwirizana zoimitsa chiwongoladzanja kuti azibweza mpamba wokha pang'onopang'ono. Mwini katapila, ataitanidwa kwa amfumu n'kumva kuti kulanda katundu popanda chilolezo cha khoti ndi mlandu, anavomera kulandira zimene anabwereketsa ndi kapamwamba pang'ono.

Kwa amalume tinapita limodzi ndi mng'ono wake. Mkuluyo anamvetsera mutu uli pansi, kenako anati: "Mayi, ine dimba sindikulirira. Mwana wa mlongo wanga ndi mwana wanga. Chondiwawa n'chakuti chibwerereni sanabwere kudzandiona." Mayiyu ankaopa kuonekera kwa iwo poganiza kuti akafunsidwa ndalama, pomwe iwo ankaona ngati wawanyoza. Anagwada n'kulira, amalume n'kumudzutsa. Kuchokera tsiku limenelo nkhani ya ku Johannesburg sanaitchulenso.

Zimene nkhaniyi yasintha pa kaphunzitsidwe kathu

Zithunzi zambiri zochenjeza anthu zimaonetsa manja omangidwa ndi unyolo, pansi pake n'kulemba kuti chenjerani ndi anthu osawadziwa. Uthenga umenewu sukanamupulumutsa mayiyu. Unyolo sanauone, ndipo womukopa anali mnzake wodya naye mbale imodzi. Ngakhale kuguba kwa pa 30 Julayi, tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi mchitidwewu padziko lonse, kumafika kwa anthu amene akudziwa kale. Mayi wa pamsika tsiku limenelo amakhala ali pa kaunjika wake.

Tsopano timapita kumene ndalama za ulendo zimachokera, ku magulu a banki m'khonde. Pafupifupi aliyense wopita kunja mwa njira imeneyi amayamba wakongola, ndiye msungichuma ndi wapampando ndiwo amayamba kudziwa, nthawi zina abale asanamve n'komwe. Timawapempha kuti membala akafuna ngongole ya ulendo wa ntchito, asamukanize, koma akhale naye pansi. Aone kontirakiti ndi maso awo iye asananyamuke, yolembedwa m'chilankhulo chimene akumva, yotchula dzina la bwana, mtundu wa ntchito ndi malipiro. Ayerekeze dziko lolembedwa pa viza ndi limene analonjezedwa. Wina amuperekeze ku ofesi ya zantchito ya pa boma akafunse ngati ejentiyo ndi wodziwika. Ndipo afunse funso limene ma ejenti amadana nalo kwambiri: ntchito ikakanika, tikiti yobwerera alipira ndani? Ejenti amene akufulumiza munthu, amene akuti usauze anthu angakuchite nsanje, amene akukuphunzitsa bodza loti ukanene pa bwalo la ndege, wadziulula yekha.

Timatenganso tikiti yachitsanzo n'kuphunzitsa kuiwerenga, mzere ndi mzere, mpaka aliyense athe kuloza mzinda womaliza. Amayi amakondwera nalo phunziro limeneli kuposa ena onse, ndipo ambiri amakhala akuona tikiti ya ndege koyamba.

Sitiuza anthu kuti asapite kunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo munthu amene ana ake agona ndi njala ukamuuza kuti akhale, amangosiya kukuuza mapulani ake. Ena amapitadi n'kukapeza ntchito zabwino, ndipo anthu amawaona akumanga nyumba. Tikanama kuti onse amazunzika, sadzatikhulupiriranso pa china chilichonse. Amene watsimikiza zopita timamuuza kuti asiye kwa m'bale wodalirika fotokope ya pasipoti, viza, tikiti ndi kontirakiti, pamodzi ndi nambala zonse za ejenti. Aloweze pamtima nambala imodzi ya kumudzi, poti foni atha kumulanda. Ndipo apangane ndi m'baleyo mawu achinsinsi oti akawanena, adziwe kuti zinthu sizili bwino ngakhale akulankhula bwana ali pompo. Abale nawo timawauza kuti asafufute uthenga uliwonse.

Njira yomweyi ndi imene imatengera anyamata a ku Dedza, Mchinji kapena Phalombe kukalima ndi kukaweta ng'ombe m'minda ya ku Zambia ndi Mozambique: wobwera kudzawatenga amakhala wodziwika pamudzi, ndipo makolo amalandira kandalama koyambira. Pa nkhani za ana, nambala yaulere ya 116 imathandiza, ndipo ya 5600 ndi ya nkhanza kwa amayi ndi abambo.

Pamene nkhani ili pano

Mayiyu wayambiranso geni, tsopano ya tomato ndi anyezi, ndi mpamba wochepa umene tinamuthandiza nawo. Manja anapola koma salola sopo wamphamvu. Tulo timabwera masiku ena, ndipo akupitirizabe kuonana ndi mlangizi. Mwana wabwerera kusukulu. Ngongole ya ku gulu yatsala pafupifupi theka. Mtsikana wa kwaya uja sanapite. Mayiyu anakalankhula naye yekha, ndipo kupatula ife omuthandiza ndi apolisi, mtsikanayo ndi munthu woyamba kunja kwa banja amene mayiyu anamuuza zonse.

Mayi wa ku banki m'khonde anafunsidwa ndi apolisi ndipo anapereka zimene ankadziwa. Ejenti sanapezekebe, ndipo dzina limene ankagwiritsa ntchito likuoneka kuti silinali lake. Chodalirika chimene tili nacho ndi nambala zimene ankalandirira ndalama, chifukwa nambala iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu. Ndikupempha anzanga amene muli ndi nkhani zofanana ndi iyi kuti, eni ake akalola, mulembe nambala zonse zimene anatumizako ndalama, masiku ake ndi mayina amene ankatuluka pa uthenga, ndipo muzipereke kwa apolisi amene akufufuza kuti aziike pamodzi ndi za m'mafayilo ena.